Abiti Lajabu ndi Makala Olira

Amene ankayenda pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zalewa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 angakumbuke kanyumba ka tiyi kamene kanali pa Lirangwe, kuseri pang'ono kwa pamene pamaima mabasi. Kanalibe chikwangwani. Anthu ankangoti kwa Abiti Lajabu. Dzina lawo lenileni ndi Zaituni, koma kupatula anzawo ochepa a kumsikiti, sindinamvepo munthu akuwatchula choncho. Zina mwa zimene ndalemba pano ndinaziona ndekha, pakuti ndinkamwa tiyi pamenepo ndikamabwera kumudzi kuchokera ku ntchito ku Chileka. Zina anandiuza eni ake. Pamene anthu anandiuza zosiyana, ndanena kuti zinasiyana.

Mayi amenewa anabadwira ku Mdeka, m'banja la Chisilamu la anthu a malonda. Bambo awo ankagulitsa mchere ndi nsomba zouma. Chaka chimene anabadwa sachidziwa bwino. Amangoti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kusenza mtsuko waukulu. Anakwatiwa ndi a Majidu, telala amene ankasoka pa khonde la sitolo ina pa Lirangwe. A Majidu anamwalira ndi chifuwa dziko litangolandira ufulu, nasiya ana aang'ono ndi makina osokera. Abiti Lajabu sankadziwa kusoka. Anagulitsa makinawo nagula chiwaya, ketulo yaikulu ndi makapu, ndipo ana onse anakulira pa tiyi, zitumbuwa ndi masikono.

Masikonowo ndi amene anawatchukitsa. Ankawaphikira mu mgolo wodula pakati, makala pansi, makala ena pamwamba pa lata lovundikira. Sikono imafuna moto wofatsa, wosalilima, wokhalitsa. Moto wotere umachokera ku makala a mitengo yolimba, makamaka tsanya ndi mwanga. Abiti Lajabu anali ndi njira yawo yoyesera. Ankatola makala awiri m'thumba nawagogodanitsa pafupi ndi khutu. Akalira ngati zitsulo, ankagula. Akangoti phwa, ankawabwezera m'thumba osalankhula, ndipo wogulitsayo ankadziwa yekha kuti akwere njinga.

Pa zaka zoyambirira makala olira sanali chinthu chodera nacho nkhawa. Mitengo inali paliponse, ndipo wootcha makala ndi amene ankanyengerera wogula. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mzinda wa Blantyre unkakula, ndipo nyumba iliyonse ya ku Ndirande kapena ku Chilomoni inkafuna thumba lake. Ngakhale ogwira ntchito ku bwalo la ndege amene anali ndi magetsi m'nyumba ankasunga mbaula pakhonde yophikira nyemba. Ootcha njerwa nawo ankadula zawo. M'mawa uliwonse njinga zinkandandalika pa msewu ngati linthumbu, iliyonse ndi matumba akuda kumbuyo. Kenaka ndege zikuluzikulu zinasamukira ku Lilongwe, ntchito zina ku Chileka zinatha, ndipo amuna ambiri amene ankavala yunifolomu anagula nkhwangwa. Mapiri a pakati pa Lirangwe ndi Mdeka anayamba kuoneka ngati mutu wa mwana wodwala chipere, apa pali tsitsi, apo payera.

Wailesi sinakhale chete. Inkatiphunzitsa kuti mtengo ndi chuma chobwerera: palafini akatha watha, koma mtengo ukaudzala umameranso, kotero dziko silingasowe moto ngati aliyense adzala. Pa tsiku lodzala mitengo mu Januwale ana a sukulu ankasenza mbande za bulugama. Alangizi a za nkhalango anabweretsanso mbaula za dothi mkati, zosadya makala ambiri. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti Abiti Lajabu sanakane zimenezi. Anadzala bulugama kuseri kwa nyumba, anagula mbaula ya dothi, ndipo amavomereza kuti inawathandiza. Vuto linali loti bulugama amafuna zaka, pamene masikono ankafunika mawa m'mawa.

Tsanya atatha anayamba kugula makala a bulugama, amene amathetheka n'kusanduka phulusa sikono isanapse mkati. Anayesa makala a paini amene ankabwera pa malole kuchokera kumpoto. Anali opepuka ngati mbuliwuli. Anayesa a mango. Kenaka anafika pa zitsononkho ndi mapesi a nandolo, zimene kale ankazisiyira ana osewera masanje. Sabata ina, atasowa chogwira, anasonkhezera ndowe zouma za ng'ombe pansi pa ketulo. Amanena okha kuti anachita izi akuyang'ana kumbali, ndipo anasamba m'manja mpaka khungu linawawa.

A Solomon, kondakitala wa basi amene ankamwa tiyi pamenepo tsiku lililonse, ananunkhiza kapu naiika pansi.

"Abiti, lero mwathira mkaka wokha, kapena ng'ombe yonse ndi khola lomwe?"

"Imwani muzipita, a Solomon. Basi ikusiyani."

"Ingandisiye bwanji, mluzu uli m'thumba mwanga? Koma ndikuuzeni, sikono ya dzulo ndinatsekera tayala pa mtsetse. Inagwira bwino kuposa mwala."

Anthu anaseka, Abiti nawonso anaseka, koma mabenchi ankanka nachepa anthu. Kanyumba ka tiyi kaja ndi kamene kanali munda wawo. Analibe malo ena olima okwanira, ndipo anali atayamba kulera zidzukulu.

Inali nthawi imeneyi, cha m'ma 1987, pamene a January anaimika njinga pakhomo pawo. Bambo amenewa ankanyamula katundu wa apaulendo ku bwalo la ndege ntchito isanawathere, ndipo ankavalabe jekete la kuntchito ngakhale linali litada ngati pansi pa mphika. Anamasula thumba. Abiti Lajabu anatola makala awiri, nawagogodanitsa. Analira. Anatola ena a pakati pa thumba, pakuti ogulitsa amakonda kuika abwino pamwamba pokha. Nawonso analira.

"Awa mwawatenga kuti, Che January? Tsanya anatha kalekale kuno."

"Kutsidya kwa Shire, mayi. Kutali zedi. Taonani miyendo yangayi."

"Miyendo yake ilibe ndi fumbi lomwe."

"Ndasamba pa mtsinje. Munthu wa ku ndege angafike kwa kasitomala ali mbuu?"

Sanafunsenso. Pondifotokozera mbali imeneyi Abiti Lajabu anati munthu wa ludzu safunsa amene anakumba chitsime.

Chilimwe chonse chimenecho masikono anabwerera mwakale, ofiira pamwamba, ofewa mkati. Madalaivala a malole anayambanso kuima. A Solomon ankaitanira okwera basi kuti atsike adye, nati Abiti abwerera ku utsikana.

Tsiku lina Abiti Lajabu akukhuthula thumba, pansi penipeni, m'fumbi la makala, anapeza mbale ya chitsulo. Inali yoyera, ya maluwa ofiira, m'mphepete mwake mwabuluu, ndipo pansi pake panali mabowo oboola ndi msomali. Owerenga ambiri adziwa kale tanthauzo la mbale yotere. M'midzi yambiri ya kuno, munthu akamwalira, mbale ndi kapu zimene ankadyera zimakaikidwa pa mtumbira wake, ndipo adzukulu, ndiye kuti okumba manda, amaziboola kuti wina asazitole n'kukadyeramo. Koma Asilamu sachita mwambo umenewu, ndipo mkazi wa Chisilamu wa ku Mdeka analibe chimene chikanamulowetsa m'manda a anthu ena. Abiti Lajabu anali atamvapo za mwambowu patalipatali, koma mbale yake anali asanaionepo. Anaganiza kuti ndi chotapira makala cha a January chimene anachiiwala m'thumba, ndipo pamenepo sanalakwitse. Anaikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka maluwa anaoneka, naona kuti mabowo aja ndi abwino kukhetsera mafuta. Kuyambira tsiku limenelo chitumbuwa chilichonse chochoka m'chiwaya chinkayamba chagona m'mbale imeneyo chisanapite kwa wogula.

Sindingathe kunena kuti anaigwiritsa ntchito nthawi yaitali bwanji. Eni ake amati masabata ochepa. Ena pa Lirangwe amati mpaka mvula yoyamba.

Pa msika panali mayi wina wogulitsa tomato dzina lake Chisoni, mnzawo wa zaka zambiri, wa mudzi wina umene sindiutchula. Mayi ake a Chisoni anali atamwalira dzinja lapitalo. Tsiku lina la msika, anthu atadzaza mabenchi, Chisoni anazungulira kuseri kwa kanyumbako kukapala moto. Kumeneko ndi kumene kunali chiwaya, ndipo ogula sankafikako. Anawerama pa mbaula, kenaka anaona mbale ija ili pa mphika, zitumbuwa zikudontha mafuta. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Achemwali, mbale iyi mwaitenga kuti?"

"Inabwera m'thumba la makala. Ndi basela wa Che January."

"Tachotsani zitumbuwazo."

"Zikali zotentha. Mukufuna kulawa?"

"Ndati chotsani."

Abiti Lajabu anazikhuthulira mu lichero. Chisoni sanaikhudze mbaleyo. Analoza ndi chala pamene m'mphepete munali mosweka ngati dzino.

"Apa ndinagwetsa ndine, ndili mtsikana. Mayi anandikwapula ndi mthiko. Iyi ndi mbale ya mayi anga. Tinaisiya pamutu pawo."

Sanakuwe, koma pakati pa khitchini ndi mabenchi panali mpanda wa bango wokha. Ine ndinali pa benchi tsiku limenelo. Kutafuna konse kunaima. A Solomon analavulira m'dzanja chimene chinali m'kamwa, nayang'ana pozungulira kusowa potaya. Mayi wina wa pa basi anapisa chala m'kamwa mwa mwana wake kukolowola chitumbuwa, mwanayo akulira. Bambo wina anatuluka atagwira pakamwa, ndipo tinamumva akusanza mu ngalande. Panalibe amene anatukwana. Anthu anangodzuka mmodzimmodzi, makapu atatsala ndi tiyi wofuka nthunzi. Abiti Lajabu anatuluka kuseri manja atawatambasula kutali ndi thupi lawo, ngati manjawo ndi a munthu wina.

Masana omwewo amayi awiriwo anapita limodzi kumudzi kwa Chisoni. Manda a kumeneko anali nkhalango yokhayo yotsala m'dera lonselo, pakuti mtengo wa kumanda sadula munthu wamba, ndipo nkhuni zake saphikira. Poyang'ana uli pa msewu, nkhalangoyo inali yathunthu, yobiriwira ngati kale. Anazungulira kumbuyo, kumene kunali kanjira katsopano ka matayala a njinga. Sanalowe. Anaima m'mphepete nasuzumira pakati pa mitengo.

Mitengo inali itasiyidwa ya m'mbali yokha, ngati mpanda. Mkati monse munali zitsa. Pakati pa mitumbira panali mauvuni a makala, milu ya zipika yokwiriridwa ndi dothi, ina ikufuka. Dothi lokwiririra linatapidwa pomwepo, ndipo mitumbira ina inali itaphwa mbali imodzi. Mbale ndi makapu oboola zinali zitaunjikidwa pa chitsa chimodzi ngati ziwiya zodikira kutsukidwa. A January anali atakhala pa thumba, akusenda mbatata imene anaotcha pa uvuni womwewo, akuuzira n'kumadya.

Atawaona sanathawe. Anapukuta pakamwa ndi mkono wa jekete nabwera kufupi.

"Mayi, mwadzivutitsiranji? Ndikanabweretsa ndekha mawa."

"Uku ndiye kutsidya kwa Shire, Che January?"

"Aliyense ali ndi Shire wake, mayi."

Chisoni anafunsa ngati sakuopa anthu amene agona pamenepo.

"Akufa saphika, achemwali. Ndipo mthunzi aufuniranji, ali pansi kale? Ana anga ndi amene ali pa dzuwa."

"Mwandidyetsa nyansi," anatero Abiti Lajabu. "Ndadyetsa nyansi anthu a Mulungu, ena akuchokera ku msikiti."

"Za mbaleyo ndalakwa, ndinaiiwala. Koma za makala, amene munkagogoda ndinu. Ndikabwera ndi a bulugama munkandibweza. Munkafuna olira. Olira atsala kuti, mayi? Ndiuzeni ndipiteko. Ndipo musadzione ngati muli nokha. Theka la Chileka likudya nyemba za moto womwewu, mabwana a mataye omwe."

Anawalozera mbatata yotsalayo ngati akuwagawira. Abiti Lajabu amati chimene chinawadwalitsa masiku otsatira sichinali mawuwo ayi, koma mbatata ija, ndi mmene bamboyo ankanyambitira zala.

Nkhani inapita kwa akuluakulu a mudziwo. A January analipiritsidwa mbuzi, ndipo a za nkhalango anawalanda njinga. Ena amati adzukulu ena ankadziwa zonse ndipo ankalandirako kangachepe. Ine umboni wa zimenezo sindinaupeze. Mbale ija inabwezedwa pa mtumbira wake. Mvula isanathe a January anali atapeza njinga ina, ndipo makala olira anayambanso kuoneka pa msewu. Nkhalango ya manda ena, cha kumadzulo, inayamba kuonekera kuwala pakati.

Abiti Lajabu anatseka kanyumba kaja kwa kanthawi. Anataya chiwaya, mgolo ndi lichero m'dzenje nakwirira. Makala otsala anakana ngakhale kuwapatsa munthu. Anapita kwa shehe, amene anawauza kuti munthu wochita chinthu mosadziwa alibe mlandu, ndipo kutsuka n'kokwanira. Mawuwo anawatonthoza mtima koma sanawatonthoze m'mimba. Kwa nthawi yaitali fungo la mafuta otentha linkawachititsa mseru.

Atatsegulanso anali ndi ziwiya zatsopano ndi lamulo limodzi: sadzasonkhezeranso chinthu chimene sanaone ndi maso awo kumene chachokera. Izi zinatanthauza zitsononkho, mapesi ndi tinthambi ta bulugama. Masikono anabwerera ku utsi ndi kuuma. Koma ngakhale akanakhala abwino, anthu sakanabwera. Okwera basi ankalozerana pa zenera kuti ndi pamene paja. Amayi ankakoka ana awo akayandikira pakhomo. Chisoni sanawasungire mkwiyo, ankawapatsabe moni ndi kucheza nawo, koma sanalandirenso chakudya chochoka m'manja mwawo, ngakhale madzi akumwa.

Tsidya lina la msewu mnyamata wina anatsegula kanyumba kake ka tiyi. Masikono ake anali ofiira pamwamba, ofewa mkati. Aliyense pa Lirangwe ankaona njinga imene inkaima kuseri kwake m'mawa, ndi jekete la amene ankaikwera. Mabenchi ake ankadzaza. Tsiku lina Abiti Lajabu anaona a Solomon akutuluka kumeneko akusasa nyenyeswa pa malaya, ndipo anawaitana.

"A Solomon, tabwerani. Paja munalavula pakhomo panga."

"Zakale zimenezo, Abiti."

"Makala a uko mukudziwa kumene akuchokera?"

"Ine ndine kondakitala, si wa nkhalango."

"Ndakufunsani ngati mukudziwa."

A Solomon anakanda m'mutu, nayang'ana basi yawo.

"Kumeneko sitinaoneko mbale, Abiti. Kwanu tinaiona."

Anaimba mluzu nathamangira basi. Abiti Lajabu anaimirira pakhomo kuyang'ana anthu akutafuna tsidya linalo. Ambiri mwa iwo anali omwe aja anasiya makapu odzaza pa mabenchi awo. Sabata yomweyo anazimitsa moto, nagulitsa mabenchi kwa mpingo wina, ndipo m'kanyumbamo tsopano anthu amasungiramo njinga.

Lero, m'chaka cha 1990, mukawafuna muwapeza mu msika, pafupi ndi tomato wa Chisoni. Amakhala pa chiguduli ndi milu ya mtedza, nandolo wouma ndi chinangwa. Zonse ndi zaziwisi. Zimene amapeza n'zochepa poyerekeza ndi kale, ndipo mdzukulu wawo wamkulu anasiya sukulu n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre.

Nditapita kukawaona komaliza ndinawauza zimene ndinawerenga, kuti anthu ophikira makala ndi nkhuni akuchulukirachulukira chaka ndi chaka, ndipo akatswiri akuyembekeza kuti minda ya mitengo yodzala idzakwaniritsa zosowazo m'tsogolo. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti zidzatheka.

"Mwina zidzatheka, mwananga. Ine za m'tsogolo sindizidziwa. Ndikudziwa kuti anthu sasiya kudya podikira mtengo ukule. Manda akali ambiri. Akatha a kuno apita a ku Kuntaja. Akadzatha amenewo adzakumbukira kuti pansi pali matabwa ouma bwino a mabokosi. Ndipo adzadya, bola asaone."

Tikulankhula choncho kunabwera bambo wina wa pa basi, nafunsa ngati alibe mtedza wokazinga, poti ulendo wake unali wautali.

"Ndilibe, bambo."

"Simungandikazingireko pang'ono? Ndidikira."

"Ine sindiphikira anthu. Tengani wauwisiwu mukakazinge kwanu, pa moto umene mukuudziwa."

Bamboyo anayang'ana mtedzawo, nayang'ana tsidya lina la msewu kumene kunkafuka utsi, nawoloka.